Ngolo ikamavina kumbuyo kwa galimoto: kupeza gwero la vuto ndi kulikonza

Ngolo ikayamba kuvina, woyendetsa amaloza mphepo kapena msewu. Mabuleki akanunkha potsika Chiweta amati makaniko anaika mapadi achabechabe, ndipo tayala likaphulika pakati pa Tete ndi Zobue mlandu umagwera dzuwa. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma mavuto amenewa akamabwerabwera, ulendo uno kuvina, wotsatira bering'i, wina uja kalachi, gwero lake limakhala limodzi. Mwina ngoloyo ikulemera kuposa zimene galimoto, matayala kapena towbar (chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto chokokera ngolo) zingapirire, mwina katunduyo ndi wololeka koma wakhala malo olakwika. Kugula zitsulo zatsopano osakhudza kulemerako n'kutaya ndalama.

Nambala yaing'ono ndiyo imalamula

Malire a kulemera alipo angapo, ndipo munthu amene akudziwa amodzi okha ndiye amalakwitsa. Pa galimoto zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya pali kachitsulo kapena kapepala ka fakitale pa mphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti. Pamakhala manambala anayi otsatizana. Yoyamba ndi GVM, kulemera konse kumene galimotoyo imaloledwa kufika itanyamula mafuta, anthu ndi katundu. Yachiwiri ndi GCM, galimoto ndi ngolo kuphatikiza pamodzi. Ziwiri zotsalazo ndi malire a ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo. Buku la galimoto limawonjezera manambala ena awiri: kulemera kwa ngolo yokhala ndi mabuleki akeake, ndi kwa ngolo yopanda mabuleki, kumene sikupitirira makilogalamu 750 ngakhale pa galimoto zikuluzikulu, ndipo pa galimoto zing'onozing'ono kumakhala kotsika kuposa apa. Towbar ya kufakitale ili ndi kachitsulo kakenso, ndipo nambala yotsatira chilembo S ndi kulemera kumene mpira wake, kamutu kozungulira kokolowekapo ngolo, ungasenze kuchokera pamwamba. Ngolo nayo ili ndi GVM yake komanso kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu.

Tiyerekeze pikapu yolemera makilogalamu 2,000 ili yokha, GVM 2,900, GCM 5,200, ndipo buku likuti ingakoke ngolo ya mabuleki mpaka 3,000. Mwini wake amasunga m'mutu 3,000 yokhayo. Tsopano mukwere anthu anayi, makilogalamu 280. Denga la kumbuyo ndi chitsulo cha kutsogolo zimene munawonjezera, 120. Matumba asanu ndi limodzi a feteleza kumbuyo, 300. Galimoto yafika 2,700 isanakolowekedwe ngolo. Chotsani 2,700 pa GCM ya 5,200, patsala 2,500, ndipo awa ndiwo malire enieni a ngolo pa ulendo umenewu. Ngati ngoloyo payokha imalemera 600, katundu wake ndi 1,900, matumba 38 a makilogalamu 50. Musaiwalenso kuti ngolo yotere imatsamiritsa makilogalamu pafupifupi 175 pa mpira, ndipo amenewa amawerengedwa pa GVM ya galimoto. Ndiye 2,700 kuphatikiza 175 ndi 2,875, patsala 25 okha. Wachisanu akapempha matola, mwadutsa.

Amene mumachokera ku Johannesburg ndi katundu mudziwe kuti lamulo la ku South Africa limathina kuposa pamenepa. GVM ya ngolo yopanda mabuleki siyenera kupitirira theka la kulemera kwa galimoto yoikoka ili yopanda katundu, ndipo GVM ya ngolo ya mabuleki odzigwira okha galimoto ikamaima siyenera kupitirira kulemera konse kwa galimoto yopanda katunduyo. Pa pikapu yathu ija malire atsika kufika pa 2,000, matumba 28 basi. Ngakhale kwanu kulibe wapolisi wofunsa zimenezi, muyeso umenewu ndi wanzeru, chifukwa ngolo yolemera kuposa galimoto ndiyo imayamba kulamula kolowera. Laisensi nayonso ili ndi malire. Pa malaisensi a mtundu wa SADC, B imalola ngolo ya GVM yosapitirira 750, ndipo yokulirapo imafuna EB, imene mayiko ena amalemba BE.

Galimoto zakale zochokera ku Japan, monga Probox, Sienta, Freed ndi Note, zambiri zimabwera zopanda nambala ya kukoka chifukwa kwawoko sizikoka ngolo kawirikawiri. Kusowa kwa nambalayo si chilolezo. Probox yonyamula katundu inalembedwa kumbuyo kuti isenze makilogalamu 400 muli anthu awiri, ndipo munthu akaidzaza kenako n'kukolowekanso ngolo, wadutsa malire asanatuluke pa geti. Galimoto zotere, ngati zikoka n'komwe, zikoke kangolo kopepuka, mkatimo mulibe katundu wambiri.

Maso amanama, sikelo sinama

Kangolo kotchuka ka tayala limodzi mbali iliyonse kamakhala ndi GVM ya 750, ndipo kokha kamalemera makilogalamu 200 kapena kuposerapo. Katundu wake ndi matumba khumi a chimanga, simenti kapena feteleza. Matumba khumi amaoneka ochepa m'ngolo, malo amatsala, ndipo apa ndi pamene wonyamula amati, "Bwana, onjezerani, mpata ulipo." Mpata ulipodi, koma masipuling'i ndi mabering'i sawerenga mpata.

Mchenga ndiye umapusitsa kwambiri. Ngolo yotalika mamita 1.8, mulifupi 1.2, kuya 0.4, ikadzaza mchenga wouma kufika pakamwa imakhala yanyamula makilogalamu pafupifupi 1,300, ndipo wonyowa wa kudambo umaposa pamenepa. Kwale nayenso ali pomwepo. Njerwa yootcha imodzi ndi makilogalamu pafupifupi atatu, ndiye njerwa 200 zakwana kale kangolo aka. Madzi ndi kilogalamu imodzi pa lita, kotero migolo iwiri ya malita 200 ndi makilogalamu 400 osawerengera zitsulo za migoloyo. Belo ya fodya ndi makilogalamu pafupifupi 100. Matabwa aawisi amalemera kutali kuposa ouma, ngakhale mulu wake uoneke wofanana.

Njira yothetsera mtsutso ndi kupita pa sikelo yoyezera galimoto, monga za pa malo ogulira mbewu zambiri kapena ophwanyira miyala. Kwerani ndi zonse, galimoto ndi ngolo, muyerekeze ndi GCM. Kenako imikani galimoto yokha pa sikelo ngolo idakali yokoloweka koma matayala ake ali kunja, muyerekeze ndi GVM. Pomaliza masulani ngolo muiyeze yokha. Mukachita izi kamodzi ndi katundu amene mumanyamula kawirikawiri, lembani mzere wa penti mkati mwa ngolo posonyeza pamene mchenga uyenera kulekezera, kuti aliyense wolonga awone.

Kuvina kwa ngolo

Ili ndilo vuto lopha anthu. Ngolo imayamba kugwedera pang'onopang'ono, kumanzere kumanja, kawirikawiri liwiro likadutsa 70 kapena 80, potsika mtsetse, kapena thiraki yaikulu ikadutsana nanu n'kukuwombani ndi mphepo yake. Kugwederako kukamakula, ngolo imakoka kumbuyo kwa galimoto, ndipo pakangopita kanthawi zonse ziwiri zili m'ngalande.

Zikayamba muli pa msewu, gwirani chiwongolero mowongoka ndi manja awiri, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, mulole liwiro litsike lokha. Musalimbane nayo pokhotetsa chiwongolero uku ndi uku, chifukwa dzanja la munthu limachedwa ndipo mumangoiwonjezera mphamvu. Musaponde mabuleki mwadzidzidzi, ngolo ingakukankheni cham'mbali n'kupindika ngati mpeni. Pali malangizo ofala akuti uponde moto kuti ngolo iwongoke. Asiyeni. Galimoto yolemedwa ilibe mphamvu zochitira zimenezo, ndipo mumangofika pa ngozi yomweyo muli pa liwiro lalikulu. Ikakhazikika, imani pamalo abwino mukonze katundu, musapitirize ulendo mukuti zatha.

Choyamba kuyang'ana ndi kulemera kwa pa mpira. Ngolo yoyenda bwino imatsamiritsa pa mpira makilogalamu 7 mpaka 10 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, bola osadutsa nambala ya S ija. Pa ngolo ya 750 ndiye kuti makilogalamu 50 mpaka 75. Ngati mwana angathe kunyamula mkono wa ngolo yodzaza, chitsulo chake cha kutsogolo chokolowekera pa mpira, ndi dzanja limodzi, kapena mkonowo ukudzuka wokha mukamasula, katundu wachuluka kumbuyo ndipo ngoloyo ivina basi. Kuyeza sikuvuta. Imikani ngolo pa malo osalala, tsekani matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, ikani sikelo ya m'nyumba pansi ndi kathabwa pamwamba pake, kenako dulani mtengo woti ukaima pa sikelo mkono wa ngolo ukhale pa msinkhu womwewo umene umakhala pa galimoto. Tsitsirani mkonowo pa mtengo pang'onopang'ono n'kuwerenga. Sikelo yopachika imene ogula mbewu amagwiritsa ntchito imathanso, mukaimangirira pa mtanda wolimba.

Polonga, zolemera kwambiri zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo ndi patsogolo pake pang'ono. Magawo asanu ndi limodzi mwa khumi a kulemera akhale kutsogolo kwa ekiselo, anayi kumbuyo. Pali cholakwika china chimene sikelo ya pa mpira siingachigwire: kuika jenereta kumapeto kwenikweni kutsogolo ndi mgolo wa madzi kumapeto kwenikweni kumbuyo. Sikelo ionetsa nambala yabwino, koma zolemera zikatalikirana chonchi ngolo ikayamba kugwedera siimanso msanga. Malata ndi matabwa aatali otuluka kumbuyo amachita chimodzimodzi, ndiponso amapeputsa mpira.

Katundu wosuntha amasokoneza zonse zimene munayeza. Mgolo wa theka ndi woopsa kuposa wodzadza, chifukwa madzi amakhavukira mbali imodzi pokhota. Ng'ombe kapena mbuzi zimafuna zotchinga kuti zisaunjikane kumbuyo pokwera chitunda. Malegeni ndi a katundu wa pa njinga. Pa ngolo gwiritsani ntchito malamba okhwimitsa ndi chitsulo, ndipo muwakhwimitsenso mukayenda pang'ono chifukwa matumba amakhazikika n'kusiya malamba olefuka. Mafiriji, mipando ndi zikwama zounjikidwa mpaka kupitirira denga la galimoto, monga zimaonekera pa msewu wa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, zimakweza kulemera m'mwamba ndipo zimakola mphepo ngati thanga la bwato.

Ngati katundu ali bwino koma kuvina kukupitirira, yang'anani mpweya wa matayala a ngolo ndi akumbuyo kwa galimoto, mashoka akumbuyo ngati atha, mabawuti ogwira ekiselo pa masipuling'i, ndi kaimidwe ka ngolo. Iyenera kukhala yowongoka kapena yoweramira kutsogolo pang'ono. Yopenya kumwamba imavina, ndipo pa ya maekiselo awiri kulemera kumathawira pa ekiselo yakumbuyo. Pa ngolo zowotcherera m'magalaja, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa chokolowekera kufika kumapeto kwa ekiselo mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana, ekiselo inaikidwa mopotoka, ngoloyo imayenda chammbali ngati nkhanu ndipo imadya matayala mbali imodzi. Ekiselo ikakhala pakati penipeni pa bodi kapena kutsogolo, kulonga mwaluso sikungathandize kwenikweni, iyenera kusunthidwira kumbuyo.

Kumbuyo kwakhala pansi, chiwongolero chapepuka

Apa ndiye mwapitirira mbali inayo. Usiku oyendetsa anzanu amakuthwanimirani magetsi chifukwa nyali zanu zaloza kumwamba, galimoto imachedwa kumvera pokhota, ndipo ya mphamvu kutsogolo imapalasa pokwera chitunda cha fumbi. Mpira uli kumbuyo kwa ekiselo, choncho umagwira ntchito ngati mtengo wotukulira mwala. Pa pikapu imene matayala akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana mamita 3.1 ndipo mpira uli mamita 1.2 kumbuyo kwa ekiselo, makilogalamu 100 a pa mpira amasanduka pafupifupi 139 pa ekiselo yakumbuyo, pamene yakutsogolo imapepukidwa ndi 39. N'chifukwa chake ekiselo yakumbuyo imadutsa malire ake GVM isanakwane.

Sunthani katundu wa m'ngolo pang'ono kumka pa ekiselo, ndipo wa m'bodi ya pikapu akhale kufupi ndi kumutu, osati pa chitseko chakumbuyo. Ambiri amathamangira kuwonjezera tsamba pa masipuling'i. Galimoto imawongokadi, koma ekiselo, mabuleki, matayala ndi chesisi ndi zomwe zija. Mwangobisa chizindikiro. Chesisi ya pikapu ya zitseko zinayi ikamalemedwa kumbuyo pa msewu wa mabampu imapindika pakati pa kumutu ndi bodi, ndipo kuiwongola n'kodula kuposa maulendo awiri amene munkapewa.

Mabuleki kununkha ndi kufewa pa mtsetse

Kuchoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa galimoto imatsika mamita pafupifupi 900. Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, Chiweta, ndi msewu wochoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi chimodzimodzi, mitsetse yaitali yokhotakhota. Kulemera konse kwa galimoto ndi ngolo kukamaimitsidwa ndi phazi lokha kumasanduka kutentha m'mabuleki. Zizindikiro zake ndi ziwiri ndipo zimasiyana gwero. Pedulo ikakhala yolimba koma galimoto siikuima, kukumveka fungo la chopsa, mapadi atentha mopitirira. Pedulo ikafewa n'kumira pansi, mafuta a mabuleki awira. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 atsopano amapirira mpaka madigiri 230, koma amayamwa chinyezi, ndipo akakalamba amatha kuwira pa 155. Asintheni zaka ziwiri zilizonse ngakhale aoneke oyera.

Lowani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, yomweyo imene mukanakwerera chitundacho, kawirikawiri yachiwiri. Pa otomatiki kokerani pa 2 kapena L. Injini ilire, sionongeka nazo. Liwiro likakwera, pondani mabuleki mwamphamvu kwa kanthawi, litsike bwinobwino, kenako chotsani phazi kuti azizire. Kupondereza pang'onopang'ono osalekeza ndiko kumawotcha. Kutsika pa nyutulo pofuna kupulumutsa mafuta muli ndi ngolo n'kusewera ndi moyo wa anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu. Kumbukiraninso kuti kuchoka pa liwiro la 60 kufika 80 ntchito ya mabuleki siikwera pang'ono, imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Ndi ngolo, 80 akhale mapeto pa msewu wabwino, ndipo mpata wa galimoto ya patsogolo ukhale wowirikiza kawiri wa masiku onse. Mabuleki akatentha imani pamalo otetezeka, tsekani matayala ndi miyala, dikirani theka la ola. Osathira madzi, zitsulo zimapindika kapena kung'aluka.

Ngolo yokhala ndi mabuleki ake imadalira mkono wotsetsereka. Galimoto ikamaima, ngolo imakankha, mkonowo umalowa mkati n'kukoka nthambo zopita ku matayala. Mukamva kugunda kwamphamvu kumbuyo nthawi iliyonse mukaponda mabuleki kapena ponyamuka, kashoka ka mkati mwa mkonowo katha kapena mabuleki atalikira. Jekani tayala limodzi, kokani handibuleki ya ngolo, muyese kulizunguza ndi manja. Likazungulira, mabuleki mbali imeneyo kulibe. Khwimitsani pa kabawuti kosinthira kumbuyo kwa dilamu mpaka tayala ligwire, kenako bwezani pang'ono mpaka lizungulire momasuka, mbali zonse mofanana, mukuzunguza cholowera kutsogolo. Pakani girizi pa timabowo ta pa mkono. Ngolo ikakhalitsa nyengo yonse ya dzinja handibuleki ili yokoka, nsapato za mabuleki zimamatirira ku dilamu ndi dzimbiri, choncho poisunga itsekeni ndi miyala handibuleki ili yomasula. Pa ngolo zina zakale pali kachitsulo kotsekera mabuleki pobwerera m'mbuyo. Kakaiwalika kotseka, mwayenda ulendo wonse opanda mabuleki a ngolo.

Kutentha kwa injini, kalachi ndi giyabokosi

Muvi wa kutentha ukamakwera pa chitunda chokha n'kutsika pa malo osalala, galimoto ikukuuzani kuti ntchito yaichulukira kapena radiyeta yatsekeka. Tsukani njere za udzu ndi matope pa timapepala ta radiyeta, onani fani ndi lamba wake, ndipo muthire madzi osakaniza ndi mankhwala ake, osati a pa mjigo okha amene amasiya mchere mkati. Muvi ukakwera muli pa chitunda, zimitsani choziziritsa mkati, tsitsani giya, patukani mulole injini ilire yokha pang'onopang'ono. Ngati nthunzi ikutuluka kapena madzi akutayika, izimitseni. Chotsekera radiyeta musachitsegule kukadali kotentha.

Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 aliwonse okwera. Katundu amene anayenda bwino m'mbali mwa nyanja, mamita osakwana 500 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere, akhoza kuilemera galimoto yomweyo ku Dedza kumene ndi pafupifupi 1,600.

Otomatiki ikamangosinthasintha magiya pa chitunda, mafuta ake akutentha. Dinani batani la O/D kuti giya yapamwamba isalowe, kapena igwireni pa 3. Mafuta akada n'kumanunkha chopsa asinthidwe, ndipo wokoka kawirikawiri aikitse karadiyeta kapadera ka mafuta a giyabokosi. Magiyabokosi a CVT, amene ali m'galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan, sakondwa ndi kukoka zolemera, ndipo akafa mtengo wake umawawa. Pa galimoto ya kalachi, musaigwire pa chitunda ndi kalachi ya theka. Kokani handibuleki, nyamukani kamodzi. Pikapu ya 4x4 ikamanyamuka pa mchenga kapena pokankhira ngolo yolemera m'mbuyo chokwera, lowetsani giya yamphamvu ija ya L4, kalachi ipume.

Matayala ndi mabering'i

Pa khoma la tayala pali nambala yosonyeza katundu amene lingasenze. Tayala la galimoto wamba la 155/80R13 lolembedwa 79 limasenza makilogalamu 437. La saizi yofanana koma lolembedwa 155R13C, nambala 90, limasenza 600. La 195R14C, nambala 106, limafika 950. Chilembo C chikutanthauza tayala la katundu, lokhala ndi khoma lolimba. Matayala awiri a 79 akwana ngolo ya 750, koma ngolo yomweyo ikasenza mchenga wodzaza uja, lililonse lanyamula kuposa 700. Manambala amenewa amagwira ntchito mpweya ukakhala wokwana monga walembedwa pa khomapo, ndipo muziyeza tayala lili lozizira, m'mawa musananyamuke. Tayala lochepa mpweya limapindikapindika, limatentha mkati, kenako limasenda. Mukafika kotentha ngati ku Tete kapena ku Nsanje mpweya umakwera wokha. Musaphwetse, vuto lingakule.

Matayala a ngolo amafa ndi ukalamba mapanga akadali bwino. Pambuyo pa zilembo za DOT pali manambala anayi, ndipo 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi, kapena la ming'alu m'mbali, lisapite ulendo wautali, ndipo matayala akaunjika amatha kufika atadutsa kale msinkhu umenewu. Manati a tayala akhwimitsidwenso mukayenda makilomita 50 oyamba tayala likangosinthidwa. Onaninso ngati sipeya ya ngolo ilipo, ndiponso ngati sipanala ndi jeke za galimoto zikukwana pa ngolo, poti nthawi zambiri manati ake amasiyana.

Bering'i imachenjeza isanafe. Jekani tayala, gwirani pamwamba ndi pansi, gwedezani. Kusewera kochepa kwambiri n'kololeka, kugogoda ayi. Lizunguzeni, ndipo mukamva kukhukhuluza mutsegule. Tsukani girizi yakale yonse, yang'anani timagudumu ndi mphete yake. Zikakhala ndi tizibowo kapena zasanduka zabuluu, sinthani zonse pamodzi ndi chotsekera girizi chakumbuyo. Kanikizirani girizi yatsopano mkati mwa bering'i ndi chikhatho mpaka ituluke mbali inayo, musangopaka pamwamba, ndipo musasakanize mitundu. Pomanga, khwimitsani nati mukuzunguza tayala mpaka limve kulimba, bwezani pang'ono kufikira bowo loyamba, lowetsani pini yatsopano, osati msomali. Nati yothina kwambiri imapha bering'i msanga ngati yomasuka. Kuwoloka mtsinje habu (chitsulo cha pakati pomangira tayala, momwe muli bering'i) ili yotentha kumakokera madzi mkati, choncho nyengo ya mvula ikatha, ngolo iliyonse yoyenda misewu ya kumudzi itsegulidwe.

Polumikizira ndi magetsi

Mpira wa kuno ndi wa mamilimita 50. Zokolowekera zina zochokera ku America ndi za mainchi awiri, ndiye kuti 50.8, ndipo kulinso mipira ya 47.6. Kusiyana kochepaku n'kokwanira kuti ngolo idumphe pa bampu. Mpira ukaperepeseka kutsika pa 49 usinthidwe. Mukakoloweka, tsitsani kateyala ka kutsogolo mukweze mkono wa ngolo nako. Kumbuyo kwa galimoto kukakwera limodzi, yagwira. Kenako kwezani kateyalako mpaka pamwamba n'kukamanga.

Towbar imangidwe ndi mabawuti olimba, olembedwa 8.8 pamutu kapena kuposa, pa mabowo amene fakitale inasiya pa chesisi. Yowotcherera pa bampala kapena pa malata a pansi pa buti imazuka pamodzi ndi malatawo. Mzere wa dzimbiri m'mbali mwa powotcherera ndi mng'alu umene ukuyamba. Pa ngolo yopanda mabuleki matcheni awiri apingasane pansi pa mkono kuti ukavuka ugwere pa iwo, atalike mokwanira kukhota koma asakhwekhwereze pansi, ndipo amangidwe pa towbar ndi zokolowekera za bawuti, osati waya, komanso osangowakoleka pa mpira. Pa ngolo ya mabuleki pali kanthambo kopyapyala kamene kamakoka handibuleki ngolo ikathawa. Kakhale komasuka mokwanira kuti kasakokeke pokhota.

Magetsi akamachita zachilendo, mwayatsa indiketa koma nyali zonse zikuphethira mofooka, kapena mwaponda mabuleki indiketa yazima, vuto ndi waya wa efi, wobweza magetsi ku galimoto. Pa pulagi ya mano asanu ndi awiri ndi waya woyera pa nambala 3. Ambiri amasiya kuti efi idutse pa mpira, ndipo girizi ndi dzimbiri zimaidula. Palani chitsulo cha ngolo mpaka chiwale, mangani waya woyerayo pamenepo ndi bawuti. Ena onse ali motere: 1 wachikasu indiketa yakumanzere, 2 wabuluu nyali ya chifunga, 4 wobiriwira indiketa yakumanja, 5 wabulauni nyali yakumbuyo kumanja, 6 wofiira mabuleki, 7 wakuda nyali yakumbuyo kumanzere. Fiyuzi ikamapsa mukangolowetsa pulagi, tsatirani waya pansi pa ngolo, mupeza pamene wakhulika pa chitsulo. Musaike fiyuzi yaikulu kapena kawaya m'malo mwake.

Mukayenda makilomita 20 oyamba, patukani muzungulire ngolo. Yandikizani kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse. Kufunda n'kwabwino, koma imodzi ikatentha kuposa inzake, bering'i kapena buleki ya mbali imeneyo ikugwira, kapena katundu wapendekera komweko. Gwirani matayala, kokani malamba, gwedezani matcheni ndi pulagi, ndipo mubwereze zimenezi musanayambe mtsetse waukulu uliwonse.